Kondowole wa Mkamwana wa ku Ntcheu

Chaka chimene aphunzitsi onse ochokera kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo, inenso ndinabwerera nawo, ngakhale kumpotoko ndinali ndisanapondeko. Amuna anga anaphunzitsa ku Ntcheu zaka zambiri, ndipo n'komweko anandipeza, kundikwatira, n'kubereka nane ana atatu. Kalata itafika sitinafunse mafunso. Masiku amenewo mafunso ankafunsa ndi anthu amene atopa kugona m'nyumba zawo. Tinamanga katundu, nkhuku ndinagulitsa, mayi anga anandipatsa thumba la ufa woyera ndi mthiko watsopano, ndipo tinakwera lole ulendo wa kumudzi kwa amuna anga, kufupi ndi Chintheche.

Chimene chinandilandira choyamba chinali fungo. Tikutsitsa katundu ndinawafunsa amuna anga chapansipansi ngati pafupi pafa chinthu. Anandiyankha kuti chimenecho ndi chakudya cha mkuja. Chinali chinangwa choviika, choyanikidwa pa thandala pakhomo lililonse. Minda ya chinangwa inkayambira pakhonde penipeni. Chimanga ndinachiona mizere inayi kuseri kwa tchalitchi, ndipo mwini wake ankachisamala ngati maluwa.

Apongozi anga ndinali nditawaona kamodzi kokha, tsiku la ukwati. Anali mayi wamtali, woonda, wamasiye, wa m'gulu la amayi a mpingo ovala zoyera. Mudzi wonse unkadziwa kuti akamva fungo la mowa pa munthu, nkhani imakafika kwa akulu a mpingo tsiku lomwelo. Chichewa chawo chinali cha kumsika, chokwanira kugulira sopo, ndipo ine ankanditcha mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wawo. Ankakhala ndi alamu anga, mchemwali wawo wamkulu wa amuna anga, amene banja lawo linali litatha kalekale.

Mwambo wa pakhomopo anandiuza tsiku lachiwiri. Mkamwana akaphika, mbale yoyamba imapita kwa apongozi. Umagwada pakhomo, kuika mbale pansi, n'kubwerera. Nawonso akaphika amakutumizira yawo. Sindinaone chovuta. Ku Ntcheu ndinali munthu wodziwika pa mphika. Pamaliro ankandidikira ndifike asanateleke, ndipo mayi anga anandilera ndi lamulo limodzi: mkazi akhoza kukhala wosauka, akhoza kukhala wonyansa, koma asapereke nsima yosapsa.

Ufa woyera uja utatha ndinayenera kuyamba kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa. Ndinali nditaona kale mmene alamu anga amaphikira, poti ankaphikira panja. Madzi akangowira ankaphula mphika, kukhala pansi, kuupana ndi mapazi, kukhuthuliramo ufa wonse nthawi imodzi, n'kuyamba kulimbana nawo ndi mthiko. Phala panalibe. Zovundikira kuti chakudya chipse panalibe. Ndinaonerera masiku angapo ndipo ndinamva chisoni. Ndinaganiza kuti anthuwa akhala akudya zosapsa chiyambire makolo awo, mwina chifukwa chosowa nkhuni, ndipo palibe anawauzapo. Pokhala munthu woleredwa bwino sindinanene kanthu. Ndinangoti ndiwaonetsa ndi manja, aphunzira okha.

Choncho ndinaphika monga munthu amaphikira. Ndinafunditsa madzi, kuponyamo ufa pang'ono, kudikira phala libwate mokwanira, kenako kumathira ufa pang'onopang'ono mphika uli pamoto, n'kuvundula mpaka thukuta. Ndinavundikiranso kanthawi kuti pasakhale chokayikitsa. Chimene chinatuluka chinali chotuwa, chonyezimira, ndipo chinakana kusiyana ndi chipande. Ukachikoka chinkatsatira dzanja mpaka pachigongono. Ndinati ndi mmene kondowole wakupsa amaonekera, poti ndinali ndisanamuonepo. Ndinapita nacho kwa apongozi, ndinagwada, ndinaika pansi.

Madzulo mbale inabwerera yotsukidwa bwino. Alamu anga anaipereka ndi manja awiri nati ama akuti tawonga ukongwa, ndiko kuti athokoza kwambiri. Mawa lake chimodzimodzi. Mwezi unatha, chaka chinatha, mbale ikubwerera yoyera, mawu ali omwewo.

Mbale yawo ikabwera kwathu ndinkathokozanso ndi manja awiri. Ndinalawako kamodzi, mbamu imodzi, ndinatafuna, inandimatirira m'mano, fungo lija linandikwera m'mphuno, ndipo ndinatsimikiza kuti ndinkanena zoona. Kuyambira pamenepo ndinkadikira alamu apotoloke, n'kukakhuthula kuseri kwa bafa kumene abakha a apongozi ankakonda kusonkhana. Ine ndi ana tinkadya mgaiwa wogula ku Chintheche, wokwera mtengo ngati mankhwala.

Amuna anga anayamba chizolowezi chachilendo. Akaweruka kusukulu ankayamba adutsa kwa mayi awo kukapereka moni. Moniyo ankatenga nthawi yofanana ndi ya munthu amene akudya mosafulumira, ndipo ankabwera ali ndi fungo la usipa m'manja. Akafika kwathu ankatsina pang'ono, n'kunena kuti kutentha kwa kunyanja kumapha njala. Kenako ana nawonso anagwidwa ndi matenda omwewo a moni. Wamkulu anayamba, wachiwiri anatsatira, wamng'ono ankachita kulira kuti amunyamule apite kwa agogo. Ndinkatsala ndekha pamkeka ndi mgaiwa wanga. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo ndinalibe womuuza, poti mayi anga anali kutali ndipo m'kalata simulembedwa zoterezi.

Za mbale yanga ndinazidziwa tsiku lina masana. Ndinapita kuseri kwa nyumba ya apongozi kukabwereka sefa, ndipo ndinapeza abakha ali pa ntchito. Kondowole wanga ndinamuzindikira msanga, poti panalibe wina m'mudzimo wopanga wamtundu umenewo. Bakha wamkulu anali atamatidwa mlomo, akuupukuta pamchenga uku ndi uku mopanda phokoso. Alamu anga anali ataima pomwepo ndi mbale yanga m'manja. Anaona kuti ndaona, inenso ndinaona kuti aona. Tinakambirana za mvula, kuti ichedwa chaka chino. Ndinabwereka sefa ndi kubwerera. Kukwiya kwenikweni sindikanatha, poti abakha omwewo ankadya kwa ine madzulo aliwonse. M'mudzi monse munalibe abakha onenepa ngati amenewo.

Ndinawafunsa amuna anga kuti kondowole wanga walakwa chiyani. Anaganiza nthawi yaitali, monga amachitira mwana akafunsa funso la kunja kwa silabasi, kenako anati kondowole wanga ali bwinobwino, kungoti ndi wamtundu wina. Sindinawalankhule masiku awiri. Sanazindikire, poti inali nthawi yochonga mayeso.

Wina anganene kuti bwanji sunangofunsa alamu ako. Funsolo ndi labwino, ndipo ndalimva kambirimbiri kwa anthu amene sanakhalepo mtengwa. Ndinafika pamudzipo ndili mayi wa ana atatu, osati kamtsikana koti akalangize. Iwo ankaopa kundichititsa manyazi, ine ndinkaopa kuwachititsa manyazi, ndipo ulemu umenewu tinausenza zaka zitatu. Kuchitsime amayi ankaseka Chitonga ndikamafika, ndipo Chitonga ndinali nditayamba kuchimva. Ankati aphunzitsi anakwatira ku Ntcheu koma mimba anaisiya kwa mayi awo. Mmodzi ananena, akuyang'ana chingwe cha ndowa, kuti mwamuna wosadya kwa mkazi wake ali paulendo, kungoti sanamange katundu. Mawu amenewo ndinagona nawo miyezi yambiri.

Chaka cha chilala chachikulu, chija anthu a kwathu ankalandira chimanga chachikasu, apongozi anadwala. Mimba inayamba kutupa mbali imodzi, thupi lonse likutha. Ku chipatala cha boma anati n'chotupa chofunika opaleshoni, ndipo opaleshoniyo ndi ya ku Lilongwe. Panafunika gadiyani, munthu wogona pambali pa bedi, wochapa ndi wophikira wodwala. Amuna anga sakanasiya sukulu, ndiponso mwamuna sagona mu wodi ya amayi. Alamu anga anali asanapitirirepo Dwangwa, ndipo Chichewa cha madokotala chinkawaopsa kuposa matendawo. Anthu anakambirana, anayang'anana, kenako onse anayang'ana ine. Apongozi atauzidwa kuti wowaphikira ku Lilongwe ndi ine, anangoti yewo, ndiko kuti zikomo.

Alamu anatisinjira ufa wa kondowole kathumba kamodzi ndi usipa wouma. Tinakwera basi ya m'mbali mwa nyanja. Ayufi anatiimitsa kawiri kufuna makhadi a chipani, ndipo apongozi ankatulutsa lawo m'buku la nyimbo mosafulumira, mpaka wofunsayo ankayamba kuoneka ngati wolakwa ndi iye. Njira yonse anadya nthochi ziwiri.

Kuchipatala magadiyani tinkaphikira m'chishedi kuseri kwa mawodi, aliyense ndi mafuwa ake atatu. Tsiku loyamba ndinaphika kondowole monga mwa masiku onse, ndinapita naye, ndinagwada pambali pa bedi. Anati tawonga. Ndinatuluka kuti adye momasuka. Nditabwerera ndinapeza mbale ili pomwepo, yovundikira bwinobwino, yodzaza. Kuchipatala kunalibe abakha.

Nsima ya chipatala, yachikasu, ankaiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Phala ankamwa masipuni atatu. Ine ndinaganiza kuti mwina kondowole sakupsa mokwanira chifukwa cha nkhuni za m'tauni, ndiye ndinawonjezera moto. Ufa wa alamu unatha m'masiku asanu ndi limodzi popanda mbamu imodzi yolowa m'kamwa mwa wodwala. Dokotala anandiitanira pakhonde, nandiuza kuti magazi ndi ochepa kwambiri, munthu wotere sangamugoneke pa tebulo. Akapanda kuyamba kudya m'masabata awiri, adzatitulutsa kuti tikadikire kunyumba. Sananene kuti tikadikire chiyani, ndipo sindinafunse.

Tsiku lomwelo apongozi anandiitana n'kuyamba kundiuza zinthu mwadongosolo. Zovala zawo zoyera za mpingo zili m'sutikesi pansi pa bedi kumudzi, zositasita kale. Asadzaikidwe ku Lilongwe kwa anthu osawadziwa. Munda wa kumtunda ndi wa alamu. Anamaliza, anathokoza, natseka maso. Kuyambira pamenepo anasiya kufunsa kuti lero n'lachingati. Ndinachita mantha enieni. Ndinaona ndikubwerera pamudzi paja ndi bokosi, anthu akudziwa kuti mayiyu anafa ndi njala mkamwana ali pambali ndi mthiko.

Amene anatithandiza anali mayi wina wokolopa mu wodimo. Anamva apongozi akupemphera m'Chitonga, anaimika chokolopera, napereka moni m'Chitonga chomwecho. Anali wa ku Tukombo. Nditamufotokozera pakhonde kuti ufa watha ndipo mumsika ndikungopeza chinangwa chotafuna, anati ndipite ku Kawale nthawi ya nkhomaliro. Ndinafunsa kuti nyumba yake ndikaidziwa bwanji. Anati ndikangoona amuna ovala matayi ndi nsapato zopolisha akulowa m'kanjira kafumbi, ndiwatsate, poti Mtonga ngakhale akupita kukadya ndi manja amavala ngati akukaonana ndi nduna.

Lilongwe ndinali ndisanamuyendepo wapansi. Ndinadutsa pamsika, pomwe anthu ankakazinga tchipisi m'ziwaya zazikulu, ena akuotcha nyama pa waya. Ndinagula tchipisi tochepa papepala, tothira mchere ndi tsabola, n'kudya ndikuyenda ngati mwana wopanda mwambo, poti kunalibe wondidziwa. Tinali tokoma, ndipo ndinadziimba mlandu kuti ndikudya wodwala ali ndi njala. Ku Kawale matayi ndinawapezadi, anayi, akuyenda mondondozana. Tisanafike pakhomo mphuno inandiuza kuti sindinasochere.

Mwini nyumba anali mayi wa ku Usisya, wamasiye wa mesenjala wa boma, wamfupi, wa mikono ya munthu wopalasa bwato. Chinangwa ankachiitanitsa kwawo n'kumaviika m'migolo kuseri kwa nyumba. Anthu oyandikana naye anadandaulapo za fungo, koma anasiya ataona kuti ena mwa odya pamenepo ndi mabwana awo. Pansi pa mtengo wa mango panali mabenchi awiri, ndipo amuna aja anakhala pamenepo, matayi ataponyera kumsana, akudya mwakachetechete ngati ali m'tchalitchi.

Ndinati ndikufuna kugula kondowole wophikaphika wa wodwala. Mayiyo anakana. Anati kondowole sayenda ulendo, akafika kuchipatala atazizira ndipo wodwala sangamumeze. Anafunsa kwathu, ndinati ku Ntcheu koma ndinakwatiwa ku Chintheche. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nandikhazika pampando m'khitchini, n'kundiikira mbale patsogolo: kondowole woyera, wosalala, kampango wowamba wophika ndi tomato, ndi chigwada chotendera. Ndinati ndadya kale. Anati sanandifunse.

Ndinatema mbamu, ndinaviika, ndinayamba kutafuna. Anandiyang'ana ngati ndikumenya mwana.

"Mukutani, amama? Kondowole satafuna. Viikani mumsuzi, ikani palilime, mezani. Mano asiyireni nsomba."

Ndinameza. Anatsika yekha, wofewa, wowawasa pang'ono chabe, ndipo kuwawasako kunakumana ndi utsi wa kampango ndi nsinjiro za m'chigwada mwanjira imene sindinaiyembekezere. Fungo lija limene ndinalida zaka zitatu linali pomwepo, koma m'kamwa linali ndi ntchito yake. Ndinatema ina. Ndinamaliza mbale yonse ndi kupukuta msuzi ndi chala. Kenako ndinakumbukira mbale zonse za alamu anga zimene ndinakhuthula kuseri kwa bafa, ndipo manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

Mayiyo anatsegula kabati n'kutulutsa botolo lopanda chizindikiro. Anathira m'kapu ya tiyi chinthu chofiira kwambiri. Anati ndi vinyo wa chidede, amapanga yekha mu ndowa ndi shuga, amadikira miyezi iwiri, ndipo sagulitsa kwa aliyense. Ndinati sindimwa, ndine wa kwaya. Anati chibadwire sanaonepo Mngoni wosamwa, ndipo sakufuna kuyamba lero. Ndinalawa kuti nkhani ithe. Vinyo amene ndinkamudziwa anali wa pa mgonero, kadontho konyowetsa lilime. Uyu anali wowawasa poyamba, wotsekemera pambuyo, ndipo ankasiya kutentha pachifuwa. Kapu yoyamba inandimasula mapewa. Yachiwiri inandimasula pakamwa, ndipo ndinanena zonse: mbale, abakha, moni wa amuna anga, zovala zoyera za m'sutikesi.

Sanaseke. Anateleka madzi, nandipatsa ufa ndi mthiko kuti ndiphike mmene ndimaphikira. Madzi atafunda ndinatapa ufa wa phala. Ndisanauponye, chipande cha mayiyo chinandipeza padzanja.

"Zaka zitatu mukupha ufa chonchi? Chinangwa chinapsa kale m'madzi moviikamo, amama. Chimangofuna madzi owira ndi mikono. Mukachisiya pamoto mukuphika ulimbo."

Ndinati ndinkaganiza kuti alamu anga amaphula msanga chifukwa chosowa nkhuni. Apa ndiye anaseka, mpaka anakhala pansi, ndipo mmodzi wa amatayi anasuzumira kufunsa ngati kuli bwino.

Ndinapita kumeneko masana atatu otsatizana, wodwala ndikumusiya m'manja mwa gadiyani wa bedi loyandikana. Ndinaphunzira kusefa ufa, kudikira madzi awire kwenikweni, kutapako ena n'kuika pambali, kuphula, kupana mphika ndi mapazi pa kansanza, kuthira ufa wonse mosaopa, n'kukoka mthiko mofulumira madzi asanazizire. Ndinapsa zidendene. Mapewa anandiwawa ngati ndalima dimba lonse. Miphika yolephereka mayiyo ankandidyetsa ndekha, akuti safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndi limeneli. Tsiku lachitatu anatsina kondowole wanga, anameza, nati munthu wanjala akhoza kudya. Anandipatsa ufa wosinja m'mawa womwewo, chidutswa cha kampango, ndi kabotolo ka chidede. Anati aliyense amadziwa kuti chidede chimawonjezera magazi, ndipo zina zonse za m'botolomo si nkhani ya dokotala.

M'chishedi muja madzi atawira ndinaphula mphika, ndinakhala pansi, ndinaupana ndi mapazi. Amayi a ku Dowa ndi ku Mchinji anasiya miphika yawo n'kumandionerera. Mmodzi wa ku Mchinji, wachikulire, anabwera pafupi n'kundiuza mwaulemu, chapansipansi, kuti mwina ndasokonezeka ndi matenda, koma nsimayo sinapse. Nkhope yake ndinaidziwa bwino, inali yachisoni chenicheni. Ndinamuuza kuti kwathu timaphika chonchi. Anabwerera akupukusa mutu.

Ndinakulunga mbale m'chitenje n'kuyenda mothamanga. Apongozi anali atayang'ana kukhoma. Ndinagwada, ndinavundukula, koma ulendo uno sindinatuluke. Anatembenuka pang'onopang'ono, ndikuganiza kuti chifukwa cha fungo. Anayang'ana mbale. Anatambasula chala n'kudina kondowoleyo, ndipo chala chinabwerera choyera. Anafunsa kuti waphika ndani. Ndinati ndine. Anayang'ana mapazi anga, pomwe panali matuza awiri, kenako anapempha madzi osamba m'manja.

Mbamu yoyamba inali yaing'ono ngati nyemba. Ndinaiona ikutsika pakhosi pawo. Anadikira, anatema ina yokulirapo. Sindinapume bwino mpaka yachisanu. Atafika pakati pa mbale ndinathira chidede pang'ono m'kapu, n'kunena kuti n'chowonjezera magazi. Ananunkhiza. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso omwe aja amene ankaopedwa ndi amuna onse akumwa a m'mudzi mwathu. Ndinayang'ana pansi. Anamwa, anatseka maso, anameza, nandibwezera kapu, koma sanaibweze msanga.

Anadya kupitirira theka. Anasamba m'manja, anatsamira pilo, nati m'Chichewa chawo chija:

"Muli mibulu, mkamwana. Mawa musefe kawiri. Madzi nawo mwachulutsa."

Ndinati chabwino, ama. Ndinatola mbale n'kupita kumpopi, ndipo ndinakhalako nthawi yaitali kuposa imene mbale imodzi imafuna. Munthu amene anali atandiuza kale za sutikesi anali akukonza za nkhomaliro ya mawa. Ndinalira, ndipo mayi wa ku Mchinji uja anandigwira paphewa poganiza kuti wodwala wanga watsikira kuli chete.

Mawa lake ndinasefa kawiri, ndipo anati nsomba yachepa mchere. Mkuja wake anati ndachedwa kuphula. Tsiku lililonse ankapeza cholakwika, tsiku lililonse mbale inkatsala pang'ono kutha. Ku Kawale ndinkapita kawiri pa sabata kukatenga ufa, ndipo kabotolo kankadzazidwanso popanda wofunsa. Dokotala anawonjezera sabata imodzi, kenako anayezanso magazi nati tsopano angayese. Opaleshoni inatenga m'mawa wonse. Atatsitsimuka, mawu awo oyamba anali ofunsa ngati ufa ndauvundikira, poti m'chipatala muli mphemvu.

Tinabwerera patatha mwezi ndi theka. Basi itadutsa Nkhotakota anandiuza, akuyang'ana pawindo, kuti mankhwala ofiira aja anali a ku Lilongwe ndipo atsale ku Lilongwe, m'botolo ndi m'kamwa momwe. Ndinati sindikukumbuka mankhwala aliwonse ofiira. Anati ndi bwino.

Kumudzi anthu anabwera ambiri kudzaona chipsera ndi kuimba. Amuna anga anali ataonda, ana atakula. Tsiku lotsatira, nthawi ya nkhomaliro isanakwane, alamu anabwera kudzandiuza kuti ama akundiitana. Ndinapita n'kugwada pakhomo monga mwa nthawi zonse. Anati ndisagwade pamenepo ngati wodzapempha moto, ndipite kuseri ndikaphike, pa mafuwa awo, ndi mphika wawo. Anadzikoka ndi ndodo n'kukhala pamkeka pafupi, alamu ataima pambali manja ali m'chiuno.

Sanandipatse mpata. Nkhuni ndaika zambiri. Sefa ndagwira ngati ndikupeta mpunga. Madzi awira kale, ndikudikira chiyani, kalata? Chichewa chinawathera panjira ndipo anapitiriza m'Chitonga chothamanga, mawu ena amene kale ndinkangowamva akunenedwa kwa alamu akaswa mbale. Ine thukuta lili kamukamu, mphika uli pakati pa mapazi, ndikukoka mthiko. Alamu anayamba kusowa mtendere. Anayang'ana ine, anayang'ana mayi awo, kenako anati chapansipansi:

"Ama, mwanyanya. Mlendo sakalipiridwa chonchi."

Apongozi anayang'ana uku ndi uku pabwalo lonse, mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Mlendo wake uti?"

Apongozi anabwerera kwa ine n'kundiuza kuti ndikoke mthiko kuchokera pansi, ufa ukutsalira m'mbali.